Ma CD a kwaya akungolemba "Track 01": ndibenenso onse?

Alangizi, ndili ndi kashopu ka kompyuta pafupi ndi msika wa Mangochi Boma, komwe ndimatayipa makalata, kupanga fotokope ndi kubena nyimbo. Kwaya ina ya ku Namwera inandipatsa nyimbo zawo 12 kuti ndiwapangire ma CD 60 oti akagulitse pa tsiku lokhazikitsa chimbale, ndipo inalipira theka. Tsopano atcheya akuti wailesi ya m'galimoto mwawo ikungoonetsa "Track 01", "Track 02", ndiye akukana kumaliza ndalama. Chonsecho mafayilo onse ndinawalemba mayina, ndipo pa kompyuta yanga akuoneka bwinobwino. Kodi ndibenenso onse ndi ndalama zanga?

Achimwene, musathamangire kukagula ma CD ena 60. Mpamba wa kashopu ngati kanu sungapirire zimenezo, komanso mukabena monga munachitira poyamba, mudzapeza "Track 01" yemweyo.

Dzina limene munalemba pa fayilo limatsalira m'kompyuta. CD ya nyimbo, monga makampani a Philips ndi Sony anaikonzera mu 1980, imangosunga phokoso, nambala ya nyimbo ndi pamene iliyonse ikuyambira. Malo a mayina anadzabwera mu 1996, ndipo njirayo imatchedwa CD-Text. Pulogalamu yobenera iyenera kuwalemba mwadala kumayambiriro kwa CD, ndipo si pulogalamu iliyonse imatero. Windows Media Player, yomwe ambiri amabenera chifukwa imabwera kale m'kompyuta, si nthawi zonse pamene imalemba CD-Text. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti kompyuta imene yabena imakumbukira mayinawo n'kumawaonetsa ngati ali pa CD. Mukaiika m'kompyuta ya mnzanu, palibe chituluka. Ma CD a oyimba otchuka amaonetsa mayina pa kompyuta chifukwa pulogalamu imakawatenga pa intaneti, kumalo monga Gracenote, ndipo kwaya ya ku Namwera kumeneko kulibe.

Gwiritsani ntchito CDBurnerXP kapena ImgBurn, zonse ndi zaulere, kapena Nero ngati muli nayo kale. Chongani pamene palembedwa CD-Text, tayipani dzina la chimbale, la kwaya ndi la nyimbo iliyonse, kenako sankhani kubena mwa Disc-at-Once, kutanthauza kuti CD yonse ilembedwe ulendo umodzi osaimaima. Mukasankha Track-at-Once mayina salowa. Lembani mayina aafupi chifukwa kasikirini ka wailesi n'kakang'ono, ndipo w wa kachipewa pamwamba musiyeni, lembani w wamba, poti CD-Text siimudziwa. CD-R ikangobenedwa ndi kutsekedwa simungawonjezerepo kanthu, choncho 60 aja mayina sangalowenso.

Pano mumvetsetse, chifukwa ndalama zanu zagona pamenepa. Ngakhale mutachita zonsezi molondola, wailesi nayonso iyenera kukhala yotha kuwerenga CD-Text. Mawailesi ambiri a m'galimoto amatha, ndipo ena amalembedwa "CD TEXT" kutsogolo, nthawi zina mpaka udine batani la DISP kuti dzina lituluke. Koma ma DVD ambiri otchipa amene ali m'makomo ndi m'mavidiyo sho a ku M'baluku kapena Makanjira sawerenga ngakhale pang'ono. Chotero musamalonjeze kasitomala kuti mayina azioneka paliponse. Zimenezo sizili m'manja mwanu.

Benani CD imodzi yokha ya CD-Text, mupite nayo kwa atcheya, muiike limodzi m'galimoto mwawo iwo akuona. Ikapanda kuonetsa mayina, nkhani yatha, vuto ndi wailesi yawo. Ikaonetsa, apatseni imeneyo ndipo muwabenere zina zochepa za akomiti ndi za alendo olemekezeka, mwaulere. Pa 60 aja, ine sindikuona chifukwa chowatayira. Akulira bwino, ndipo m'funso lanu simunanene kuti munagwirizana za mayina pa sikirini. Chimene wogula pa tsiku la mwambo adzagwire m'manja ndi chikuto. Asindikizireni chikuto chaukhondo, nyimbo zonse 12 zitandandalikidwa ndi manambala ake, kuti woona "Track 07" angoyang'ana papepala. Pepala ndi inki n'zotchipa kusiyana ndi ma CD 60 atsopano. Lankhulani nawo mwaulemu, chifukwa kwaya imodzi ikakhutira imaitana makwaya anzake ndi magulu a kaswida, ndipo ku Mangochi magulu otere ndi ambiri.

Kuyambira lero, oda iliyonse yoposa ma CD 10 iziyamba ndi CD imodzi yachitsanzo. Kasitomala akaimvere kwawo, aone kalembedwe ka mayina, asayine pa lisiti kuti wavomereza, kenako inu muziyamba kubena. Kutayipa mayina ndi kukonza chikuto ndi ntchito, ziikireni mtengo wake pa lisitipo.

Muwauzenso akwaya za MP3. Madalaivala a minibasi za ku Liwonde ndi Monkey Bay ambiri amaliza nyimbo pa fulashi, ndipo anyamata akabaza amamvera pa memori ya m'foni. Pa MP3 dzina limayenda ndi fayilo, makamaka mukadzaza ID3 tag, pomwe mumalemba mutu wa nyimbo ndi woyimba. CD ya 700 MB imene imangonyamula mphindi 80 za nyimbo wamba ikhoza kunyamula ma MP3 oposa 100, bola wailesiyo ikhale yowerenga MP3. Imeneyi ndi ntchito ina yoti kwaya yomweyo ikulipireni.

Nyimbo za kwayayi ndi zawo ndipo akutumani okha, choncho palibe mlandu, komabe sungani kalata yawo yokulolezani. Nyimbo za oyimba ena musabene zogulitsa popanda chilolezo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa, ndipo laisensi imatengedwa ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oyimba ndi aluso ena, komwenso akwaya angakalembetse nyimbo zawo chimbale chisanatuluke.