Timu yagulitsidwa, ndipo alamu akufuna musaine pofika Lachisanu

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati apongozi anu aamuna ndi amene anayambitsa timu yaing'ono ya mpikisano wa magalimoto kufupi ndi bwalo la mpikisano la Silverstone kuno ku England, ndipo amuna anu atamwalira, masheya awo, 20 pa 100 alionse, analembedwa m'dzina lanu. Kwa zaka 11 mwakhala dayilekita, ndinunso amene mumayendetsa ofesi ndi kulipira amakaniki. Tsopano alamu anu awiri akuti timu yapeza wogula, wogulayo akubwera ndi bwana wakewake, ndipo akusiyirani envelopu ya mapepala atatu oti musaine pofika Lachisanu. Mwafunsa ngati angagulitse inu musanavomere, ndipo mwadzifanizira ndi Claire Williams, amene ankayendetsa timu ya Williams mumpikisano wa magalimoto wa Formula 1, ndipo mukuti anachotsedwa pa timu ya bambo akeyo.

Musasaine chilichonse sabata ino.

Za Williams ndiwongole pang'ono, chifukwa zikukhudza funso lanu. Frank Williams, bambo ake a Claire, ndi Patrick Head anayambitsa timu ija mu 1977. Mu 2011 masheya ena anaikidwa pamsika wa ku Frankfurt, koma Frank anatsala ndi opitirira theka. Ngongole zitakula, pa 21 Ogasiti 2020 kunalengezedwa kuti kampani ya Dorilton Capital ya ku America yagula timuyo pamtengo wa mayuro 152 miliyoni. Chimene chinagulitsidwa ndi Williams Grand Prix Engineering, kampani yokhala ndi fakitale ya ku Grove, magalimoto ndi antchito, ndipo wogulitsa anali kampani yaikulu imene inali pamwamba pake, Williams Grand Prix Holdings. Eni masheya ang'onoang'ono sanalandidwe masheya awo. Anangotsala ndi masheya m'kampani yopanda timu, n'kumadikira gawo lawo pa mayuro pafupifupi 112 miliyoni amene anatsala ngongole ndi zolipira zina zitachotsedwa. Claire nayenso sanachotsedwe ndi voti. Analengeza yekha kuti akusiya, mpikisano wake womaliza unali wa ku Monza ku Italy mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo Simon Roberts anagwirizira udindo wotsogolera timuyo.

Choncho kugulitsa kuli panjira ziwiri. Bodi ikhoza kugulitsa bizinesi ndi katundu wake, ndipo nthawi zambiri mwini masheya 20 pa 100 sangaletse. Kapena wogula amagula masheya enieniwo kwa munthu aliyense payekha, ndipo pamenepo anu ndi anu. Envelopu ija ikundipangitsa kuganiza kuti yanu ndi njira yachiwiriyi. Akanakhala kuti sakufuna dzanja lanu, sakanakuthamangitsani chonchi.

Mapepala atatuwo sindinawaone, koma ndikhoza kulota: fomu yosamutsira masheya, kalata yotulira pansi udindo wa dayilekita, ndi mgwirizano wothetsera ntchito yanu. Amabwera atamangidwa pamodzi ngati ndi nkhani imodzi, chikhalirecho inu muli anthu atatu pamaso pa lamulo: mwini masheya, dayilekita, ndi wantchito. Pepala lililonse limatseka khomo lake.

Loopsa kwambiri ndi lija lalifupi, fomu yosamutsira masheya. Gawo 994 la Companies Act 2006, lamulo la makampani la dziko lino, limalola mwini masheya kukadandaula kukhoti kuti kampani ikuyendetsedwa momupondereza, ndipo kawirikawiri khoti likagwirizana naye limalamula kuti masheya ake agulidwe pamtengo woyenera. Ichi ndiye chida chanu chachikulu. Koma ndi chida cha munthu amene adakali ndi masheya. Mukasaina fomu ija, dzina lanu n'kufufutidwa m'kaundula wa eni kampani, simulinso ndi poimira pansi pa gawo limeneli. Chotsala ndi kukaumiriza khoti kuti munanamizidwa kapena kukakamizidwa, ndipo mlandu wotere ndi wolemetsa, wodula, komanso umafuna umboni umene anthu a banja limodzi salemberana.

Ndinaziona ndi maso anga. Bambo wina anabwera ku ofesi yanga ndi fayilo yonse, makalata a kubanki, ma imelo, zonse zoonetsa kuti mkulu wake anagwirizana ndi wogula zoti azilandira malipiro apadera aupangiri kwa zaka zingapo, ndalama zimene kunena zoona zinali mbali ya mtengo wa kampani. Mlandu wake ukanakhala wabwino. Koma anali atasaina kale miyezi inayi m'mbuyomo, m'galaja, pepala litaikidwa paboneti ya galimoto, manja ali ndi girizi, mkulu wakeyo atamubwereka cholembera. Anandiuza kuti sanafune kuoneka ngati akukayikira m'bale wake pamaso pa antchito. Tinayesa njira zina, koma chimene anapeza chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene akanapeza akanabwera fomu ija ili yosasainidwa.

Chimene chimasocheretsa anthu ndi ichi. Mgwirizano wothetsera ntchito sugwira mokwanira pokhapokha mutalandira upangiri kwa loya kapena mlangizi wina woima payekha, ndipo kampani kawirikawiri imalipirako ndalama ya upangiriwo. Munthu amapita kwa loya ameneyo ola limodzi, n'kutuluka akuganiza kuti envelopu yonse yaunikidwa. Ayi. Iye walipidwa kuti aone za ntchito basi. Fomu ya masheya ilibe mlonda wotere, ndipo kalata yotulira pansi udindo nthawi zambiri imakhala ndi mzere umodzi kumapeto wonena kuti mulibe dandaulo lililonse ndi kampani. Mukatula nokha, zimavutanso kudzanena kuti anakukankhirani kunja.

Alamu anu mwati akubwerezabwereza kuti izi n'zapabanja, maloya asalowemo. Ndatopa nawo mawu amenewa. Wogulayo ali ndi maloya ake, ndipo ndi iwo amene analemba mapepala amene muli nawowo. Chibale ndi fupa, inde, koma sichinaletsepo munthu kuwerenga chimene akusaina, makamaka mayi wamasiye amene masheyawo ndi chuma cha ana ake.

Kodi angakuchotseni pa udayilekita? Angathe. Gawo 168 la lamulo la makampani lija limalola eni masheya opitirira theka kuchotsa dayilekita. Koma ziyenera kuchitika pamsonkhano, osati pongozungulitsa pepala kuti anthu asaine. Pamafunika chidziwitso chapadera cha masiku 28, ndipo muli ndi ufulu wolemba yankho lanu ndi kulankhula pamsonkhanowo. Ndiye kuti Lachisanu lija ndi lawo, si la lamulo. Masabata amenewo ndi amene mungakambiranemo za mtengo.

Kodi angakukakamizeni kugulitsa? Zitengera zimene zili m'malamulo a kampani yanu ndi mumgwirizano wa eni masheya, ngati ulipo. Fufuzani ndime imene maloya amaitcha drag-along, yolola ambiri kukokera ochepa m'malonda pamtengo wofanana. Ngati ilipo ndipo atsatira ndondomeko yake, mwina simungakane, ngakhale mungalimbane ndi mtengo kapena ndi ndalama zobisika. Ngati palibe, dziwani kuti iwo ali ndi 80 pa 100, pamene kusintha malamulo a kampani kumafuna 75. Akhoza kuyesa kuilowetsa tsopano. Makhoti amaunika kusintha kotere mosamala, koma nthawi zina anakuvomereza, choncho sindingakulonjezeni kuti mungapambane.

Chenjezo lina likuchokera pamlandu wa O'Neill ndi Phillips wa mu 1999: ngati akupatsani mtengo woyenera, wowerengedwa ndi katswiri woima payekha, inu n'kukana, dandaulo lanu likhoza kuthetsedwa lisanamvedwe n'komwe. Musayankhe mwaukali kuti simugulitsa zivute zitani. Yankhani kuti mukufuna kuona ziwerengero. M'makampani a banja amene anayendetsedwa mokhulupirirana, khoti limatha kuwerengera masheya a wochepa popanda kutsitsa mtengo chifukwa cha kuchepa kwake. Poti anuwo ndi osiyiridwa, iwo adzatsutsa zimenezi, koma zaka 11 zanu m'bodi zikuthandizani.

Zotsalazi chitani mwachangu. Lero lomwe tsitsani malamulo a kampani ndi zonse zolembedwa za iyo ku Companies House, ofesi ya boma yosunga kaundula wa makampani, ndi zaulere pa intaneti, ndipo muone ngati wina sanalembetse kale kuti munasiya udindo. Kaundula ameneyu amasonyeza zimene kampani yatumiza, ndipo zolakwika zimatenga nthawi kuti ziwongoledwe, zomwe zimandikwiyitsa ndithu. Monga dayilekita muli ndi ufulu woona mabuku a ndalama, choncho pemphani polemba mgwirizano wonse wa malondawo, pamodzi ndi chilichonse chimene alamu anu alonjezedwa paokha. Ngati pakugulitsidwa katundu wamkulu ndipo wogulayo ndi kampani imene mmodzi wa madayilekita ali ndi gawo lalikulu, gawo 190 limafuna chilolezo cha eni masheya. Musatenge mafayilo a kampani kupita nawo kunyumba kapena kuwatumiza ku imelo yanu, adzakutembenuzirani. Sungani mauthenga a pa WhatsApp onse, ngakhale aja okupwetekani mtima.

Pa za ntchito, masheya akagulitsidwa bwana wanu pamaso pa lamulo amakhala kampani yomweyo ndipo mgwirizano wanu umapitirira. Bizinesi ikagulitsidwa, malamulo a TUPE a 2006, oteteza antchito bizinesi ikasintha mwini, amakusamutsirani kwa wogula ndi ufulu wanu. Akakuchotsani, yambirani ku ACAS, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito, musanapite kubwalo la milandu ya ntchito, ndipo werengerani miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi kuyambira tsiku limene mwachotsedwa ngati nthawi yokadandaulira. Malamulo a nthawiyi akhoza kukhala atasinthidwa, koma inu gwiritsitsani nthawi yaifupiyo.

Alembereni alamu anu mizere iwiri yokha, mwaulemu: mapepala mwalandira, ndipo muyankha loya wanu akawaona. Loyayo akhale wodziwa za makampani, wosankha inu, ndipo mumupititsire envelopu yonse pamodzi ndi mapepala a chuma cha malemu amuna anu.