Azakhali, za lebulo ya mpunga ija

Azakhali mwaswera bwanji, ndi nonse pagulu pano mwaswera. Voisi yanu ija ndaimva, kungoti ndinali ku makina nde phokoso sindikanatha kuyankha nthawi yomweyo. Mwafunsa ziwiri eti, choyamba mukuti mpunga wanu mukufuna muyambe kuika m'mapaketi a 2 kg ndi 5 kg m'malo momangogulitsa pa ndowa, nde lebulo yake ikhale yotani, chachiwiri mukuti mdzukulu wanu wapanga kale logo pafoni pa pulogalamu yopangira madizaini ya Canva ulere, nanga munthu wopanga madizaini ngati ine mundilipiriranji. Funso lachiwirilo ndi labwino ndithu, makasitomala amandifunsa tsiku ndi tsiku kuno ku Kamuzu Road, nde ndiyankha momasuka kuti ndi ena pagulu pano amve nawo.

Mwanayo musamugwetse ulesi ayi. Ndaiona logo munaponya ija, diso ali nalo, ngala ya mpunga ija waiika pabwino ndipo dzina likuwerengeka. Nkhani si kukongola. Nkhani ndi yoti chinthucho chikuoneka bwino malo amodzi okha, pafoni pakepo, pamene inu logo yanu ikuyenera kukagwira ntchito malo ambirimbiri, pa sitika ya paketi, pa thumba la 50 kg, pa chikwangwani cha kumsewu, pa chidindo, pa buku la malisiti, pa tisheti ya anyamata okupakirani katundu, mpakana pa kachithunzi kozungulira ka WhatsApp kaja, ndipo paliponsepo munthu akangoona adziwe kuti uwu ndi mpunga wa mayi aja a ku Nkhotakota. Ntchito yanga yeniyeni ndi imeneyo, kujambulako ndi gawo lochepa chabe. Taonani m'mene zilili pa msika, kakhumbi kopakidwa zofiira simuchita kufunsa, mumadziwa kuti apa pali Airtel Money, kobiriwira ndi TNM Mpamba, musanawerenge olo chilembo chimodzi. Anthu amenewa anasankha mtundu umodzi n'kuukakamira zaka ndi zaka, sasinthasintha.

Nde pa logo ya mwana ija pali dzuwa likutuluka, pali nyanja, bwato, ngala, mthunzi kuseri kwa zilembo, mitundu yambirimbiri yosakanikirana. Ine logo iliyonse ndisanampatse mwini wake ndimaipulinta yakuda yokhayokha, kukula kwake masentimita awiri basi, n'kuimata pakhoma n'kubwerera m'mbuyo. Ikangosanduka chidontho chakuda ndekuti ilephera pa chidindo, ilepheranso pa thumba. Ndipo mitundu ija ndi ndalama azakhali, chifukwa posindikiza tisheti kapena thumba ndi sikirini, mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake, ndiye mitundu isanu ndi masikirini asanu, mtengo n'kukwera pamenepo. Inu mitundu iwiri yakwana, wobiriwira wakuda uja ndi wachikasu, ngala imodzi, dzina lalikulu, basi.

China chimene mwana sangachidziwe pakadali pano ndi mtundu wa fayilo. Chimene watumizacho ndi chithunzi, JPG, chopangidwa ndi timadontho towerengeka. Mukati muchikulitse chikwane chikwangwani cha mamita awiri timadonthoto sitichuluka ayi, timangotambasuka, zili ngati tiyi wa kapu imodzi mwathiramo madzi kuti akwanire anthu khumi, dzina lokha la tiyi. Logo yeniyeni timaijambula pa CorelDRAW kapena Adobe Illustrator, imatuluka ngati vector, ndekuti kompyuta imasunga mizere ndi miyeso yake osati timadontho, nde kaya muike pa bizinesi khadi kaya pa khoma lonse la chigayo, m'mbali mwake mumakhala mwakuthwa chimodzimodzi. Ndinaonapo mkulu wina kuno anapangitsa chinsalu chachikulu cha bizinesi yake kuchokera pa chithunzi chimene anamutumizira pa WhatsApp, atachimangirira nkhope ya munthu inali timabokosi tokhatokha, nambala ya foni 3 ndi 8 osasiyanitsika, ndalama zinapita, ndipo zinandiwawa chifukwa anali atasunga nthawi yaitali kuti apangitse chinsalu chimenecho. WhatsApp imafinya zithunzi kuti bandulo isathe msanga. Nde nonse pagulu pano, chilichonse chopita kokapulinta muzitumiza ngati document, osati ngati chithunzi, chonde.

Voisi inaduka, munthu amaimba, ndikupitiriza.

Ndimati ndinene za mitundu. Foni imaonetsa mitundu ndi kuwala, wofiira wobiriwira ndi wabuluu, timati RGB, pamene makina opulintira amasakaniza inki zinayi, timati CMYK, ndipo pepala siliwala lokha. Nde wobiriwira wowala psuu uja mukuuona pafoni, papepala amatuluka wozimirira, munthu n'kuyamba kukangana ndi opulinta kuti mwandiwonongera pamene vuto linayambira pa dizaini. N'chifukwa chake tisanapulinte zambiri timatulutsa kaye imodzi, muigwire m'manja, muimate pa paketi yeniyeni muli mpunga, muione panja pa dzuwa, muwerenge nambala ya foni mokweza manambala onse, mukavomereza m'pamene timapulinta zonse. Zithunzi zopita pa pepala zimafuna 300 dpi, ndekuti timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo m'mbali timasiya mamilimita atatu owonjezera kuti mpeni ukamadula usasiye kamzere koyera. Zimenezo musavutike nazo ndi zanga, ndangotchula kuti mudziwe chimene mukulipira.

Tsopano lebulo. Apa mundimvetsetse chifukwa m'pamene pali ndalama zanu. Musathamangire mapaketi osindikizidwa ku fakitale aja, amafuna oda yaikulu kwambiri ndipo mtundu uliwonse mumalipira mbale yake yosindikizira, mukadzasintha nambala ya foni zonsezo zatayika. Yambani ndi paketi yoonekera mkati, ya pulasitiki yolimba, n'kumatapo sitika. Ndipo sitikayo isaphimbe paketi yonse, musiye malo aakulu mpunga uzioneka, chifukwa inu nomwe mukudziwa m'mene mayi amagulira mpunga, amatembenuza paketi, amayang'ana ngati ndi wosweka, ngati muli timiyala kapena mankhusu, ena mpakana kununkhiza. Mpunga wanu ndi woyera, wopetedwa bwino, ndiye womwewo ndi umene ukugulitseni kuposa chithunzi chilichonse chimene ine ndingajambule.

Sitikayo ikhale ya vinyl, kapulasitiki komata kaja, osati pepala wamba lopulinta pa kapulinta ka inki ka mu ofesi. Kwanuko ndi kunyanja, chinyezi ndi kutentha, ndiye yesani nokha, nyowetsani chala mupukute pa lebulo ya pepala ija, muona chala chada, zilembo zayenderera, pakona payamba kutukuka, paketi isanafike n'komwe ku Lilongwe yayamba kale kuoneka yakale. Vinyl mutha kuipukuta ndi kansalu konyowa osasintha. Imadula pang'ono inde koma bola imeneyo.

Zolemba pa lebulo sitilemba za m'mutu mwathu. A Malawi Bureau of Standards, a MBS aja, ali ndi malamulo a zolemba pa chakudya cha m'paketi, pamafunika dzina la chinthucho, kulemera kwake, dzina ndi adiresi ya wopakira, tsiku lopakira, tsiku loti chikhale chitadyedwa, ndi nambala ya gulu la katundu amene mwapakira limodzi kuti pakapezeka vuto mudziwe kuti ndi matumba ati. Masiku ndi nambalayo tisiya mpata woyera muzidinda kapena kulemba nokha, kuti sitika zomwezo zigwire ntchito miyezi yambiri. Chizindikiro cha MBS chokha sindiika mpakana iwowo atabwera kudzaona malo anu n'kukupatsani satifiketi, ena amati ingoikapo aone ndani, ine ayi, ndi mlandu umenewo ndipo ukhoza kugwetsa bizinesi yonse. Masitolo akuluakulu a m'tauni akafunsa satifiketi imeneyo ndi barcode, nde malo ake ndisiyiratu pa dizaini ngakhale panopa simunafike kumeneko. Komanso azakhali, ngati ndi Kilombero tilembe Kilombero, ngati ndi Faya tilembe Faya, ngati mwasakaniza tisalembe Kilombero. Anthu a m'tauni amaudziwa Kilombero ndi fungo lake poto akangoyamba kuwira, mukawapusitsa kamodzi lebulo yokongola ija ndi imene idzawakumbutse kuti asadzagulenso.

Dzina lija mwasankha ndalikonda, ndi lalifupi, limatchulika. Koma musanapulinte masitika ambiri tifufuze kaye ngati wina sanalilembetse kale, zimenezi zimachitikira ku ofesi ya boma yolembetsa mayina ndi zizindikiro za malonda, timati ma trademark, pali lamulo lake la 2018. Ndipo apa m'pamene Canva imakugwetsani, malamulo awo omwe amanena kuti logo yopangidwa ndi matempuleti ndi zithunzi zawo zija simungailembetse kuti ndi yanuyanu, chifukwa ngala yomweyo wina ku Karonga kapena ku Zambia akhoza kuitenganso mawa. Ine ngala yanu ndijambula ndi dzanja kuchokera pa ngala yeniyeni ya m'munda mwanu, imeneyo palibe angakulandeni.

Chikwangwani cha kumsewu nacho, anthu amalakwitsa pofuna kulembapo zonse. Munthu ali mu minibasi pa M5 akuchokera ku Dwangwa kupita ku Salima, ali ndi kanthawi kochepa kwambiri kuti aone, nde mawu akhale ochepa, MPUNGA, dzina lanu, nambala, muvi wolozera. Ndipo sikuti mpakana chipulintidwe ayi, kwanuko kuli akatswiri olemba ndi penti amene ndimawapatsa ulemu kwambiri, dzanja lawo ndi lokhazikika ndipo penti ya mafuta imapirira dzuwa la kunyanja kuposa zinsalu zambiri zopulinta zimene zimayamba kuyezuka, makamaka zofiira. Ndidzakupatsani pepala la A4 lokhala ndi logo ndi mizere ya miyeso, mukampatse mmisiriyo atsatire, asawonjezere maluwa ake.

Za pafoni ndiye mwana uja alowe ntchito. Ndimupangira matempuleti angapo, ya status ya WhatsApp imene imakhala yoimirira, timadontho 1080 kwa 1920, ndi ya Facebook, mitundu ndi zilembo zomwe zija za pa paketi, iye azingosintha mtengo ndi chithunzi, Canva imathandiza kwambiri pa zimenezo. Mutsegule WhatsApp Business muike katalogi, 2 kg mtengo wake, 5 kg mtengo wake, kuti anthu a ku Area 25 kapena ku Kawale asamachite kufunsa kuti zingati zingati. Zithunzi azijambula m'mawa pakhonde pomwe pali kuwala koma dzuwa silikuwomba mwachindunji, osayatsa fulashi chifukwa pulasitiki imanyezimira, paketi aimike pa lichero loyera, kumbuyo kusaoneke ndowa ndi zovala zoyanika. Akatsekera sukulu abwere kuno adzakhale nane pa kompyuta, ndimuonetse CorelDRAW, ndikunena zoona mwanayo akhoza kudzadya nayo ntchito imeneyi.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mugwiritsitse, kaya mupangitsa kwa ine kaya kwa wina, mukalipira mutenge mafayilo onse. PDF, fayilo yoyambirira ya CorelDRAW kapena Illustrator, PNG yopanda chakumbuyo, ndi yakuda yokhayokha ya chidindo, komanso kapepala kosainirana koti logoyi ndi yanu. Alipo madizayina amene amangokupatsa kachithunzi n'kusunga fayilo yeniyeni kuti uzibwerera kwa iwo nthawi zonse, tsiku limene laputopu yawo yafa kapena asamukira ku Johannesburg iwe watsala manja lende, kuyambiranso. Zanu ndikuikirani pa fulashi ndi pa imelo ya mwana wanu wamkulu, malo awiri.

Mtengo sinditchula pagulu, ndikuimbirani madzulo. Kungoti mudziwiretu kuti vinyl, inki ndi mapepala zonse zimachokera kunja, kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya opulinta sikhazikika, kotesheni ya lero sabata yamawa yasintha, nde tikagwirizana tisachedwe. Ya dizaini ndi ina ya kupulinta ndi ina, ndikulemberani padera kuti muone ndalama iliyonse ikupita kuti, ndipo poyamba tipulinte masitika ochepa kaye tione m'mene msika uwalandirire.

Nde chonde pofika Loweruka munditumizire izi, dzina lija m'mene mukufuna lilembedwere chilembo ndi chilembo, nambala ziwiri za Airtel ndi TNM zimene sizisintha, mtundu wa mpunga, ndipo muyeze paketi ndi rula m'litali ndi m'lifupi muli mpunga kale, osati yopanda kanthu chifukwa ikadzaza imafufuma. Amalume akamabwera ku Salima Lolemba muwapatsire mapaketi awiri odzaza, ya 2 kg ndi ya 5 kg, ndi ngala zitatu zouma bwino muzikulunge mu nyuzipepala zisathothoke m'minibasi.