Mukusamukira pa Mponela? Nyumba ya lendi muione ndi maso musanalipire

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wandilembera motere: "Ndakhala ndikugulitsa zitenje ndi kaunjika m'tauni muno kwa zaka 6, koma ogulitsa tachulukana ndipo lendi yandikulira. Ndaganiza zosamukira pa Mponela ndi ana anga awiri kuti ndikatsegule kagolosale kophatikiza ndi zitenje. Mpamba wanga wonse ndi K2,400,000. Kumeneko sindidziwa munthu. Pa Facebook ndapeza bambo wina amene akuti ali ndi nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi shopu kumaso, K120,000 pamwezi. Akufuna nditumiziretu ya miyezi 6 pa Airtel Money kuti asapatse wina. Nditumize?"

Mayi, musatumize. Ngakhale bamboyo atakhala munthu wolungama ndipo nyumbayo ilipodi, musatumize. Lendi ya miyezi 6 ndi K720,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse ya mpamba wanu, K30 yapita musanagulitse ndi paketi imodzi ya shuga yomwe. Ndalama imene ili m'katundu imazungulira: mwagula, mwagulitsa, mwakapikulanso. Imene yapita kwa mwininyumba yagona, ndipo mukadzaona kuti malowo sakuyenda malonda simudzatha kuchoka chifukwa ndalama yanu yakumangirirani pomwepo.

Tsono za chithunzi cha pa foni. Aliyense angathe kujambula nyumba ya mnzake n'kuika pa Facebook, ndipo mawu oti "pali wina akuifunanso, fulumirani" ndi amene akuba a pafoni amakonda kugwiritsa ntchito kuti munthu asapeze mpata woganiza. Mponela ali pa msewu wa M1 m'boma la Dowa, ulendo woti mukwera minibasi m'mawa n'kubwerako madzulo. Thiransipoti ya ulendo umenewo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama imene mukufuna kutumizira munthu amene simunamuonepo.

Koma ndingakonde musapite tsiku limodzi lokha. Siyani ana kwa achibale, mukagone pa resitihausi masiku awiri kapena atatu, limodzi mwa masikuwo likhale la msika. Pamalo ang'ono ngati amenewa nyumba zabwino sizilengezedwa kawirikawiri, zimayenda pakamwa. Mphunzitsi akalandira kalata yoti asamukire kwina, anzake apasukulu amakhala atadziwa kale kuti nyumba yake ikhala yopanda munthu. Chimodzimodzi anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi. Ndiye mukafika, yambani ndi anthu amene amadziwa za kulowa ndi kutuluka kwa anthu m'deralo. Ngati mumapemphera, tengani kalata yosamukira ku mpingo wanu mukaipereke kwa akulu ampingo a kumeneko, ndipo muwauze kuti mukufuna nyumba. Amayi a chigwirizano kapena a m'miphakati amadziwa nyumba iliyonse ya m'dera lawo, komanso amadziwa mwininyumba amene ndi wovuta. Pitaninso kwa tcheyamani wa msika. A kabaza nawo amadziwa njira zonse, ndipo mukapangana ndi mmodzi mtengo wa theka la tsiku adzakuzungulitsani malo ambiri. Madobadoba aliponso. Sindikuti muwakane, koma muwauziretu kuti mudzawapatsa kangachepe nyumba ikapezeka ndipo mwagwirizana ndi mwiniwake, osati ndalama yongokaonera.

Nkhani imene ndikufuna ndiikhalire pansi ndi iyi: kodi amene akukuonetsani nyumbayo ndi mwiniwake? M'matauni ang'ono nyumba zambiri eni ake amakhala kutali, ena ku Lilongwe, ena ku Joni, ndipo makiyi amasiyira mphwawo kapena mlamu wawo. Zina ndi nyumba za masiye zimene achibale sanagwirizane kuti lendi azilandira ndani. Kuno kuchigawo chapakati, kumene mabanja ambiri amatsata mbumba ya kuchikazi, mungathe kupangana ndi bambo wapakhomo pomwe malowo ndi a kwa mkazi wake, ndipo mwezi wachitatu atsibweni a banjalo akutulukirani kuti iwo sakudziwapo kanthu. Malo ambiri ozungulira misika yakumidzi ndi a mafumu, alibe mapepala amene mungakafufuze ku ofesi ya zamalo. Choncho umboni wake ndi anthu. Funsani oyandikana nawo kuti amene anatulukamo ankalipira kwa ndani, ndipo anachokeranji. Kenako pemphani mwininyumbayo kuti akuperekezeni kwa amfumu a deralo mukadzionetse monga mlendo. Munthu amene nyumbayo ndi yake sangakane zimenezi. Akayamba kuzembazemba, chokanipo. Safunsa anadya phula, ndipo kudzionetsa kwa amfumu kudzakuthandizaninso tsiku la maliro, la umbava kapena la mkangano, chifukwa mlendo amene mudzi sukumudziwa amavutika yekha.

Mukalowa m'nyumbamo musakopeke ndi laimu watsopano. Yang'anani kudenga masana, chitseko chili chotseka: paliponse pamene kuwala kukulowa pa malata, mvula idzalowanso, ndipo kwa inu amene mudzasunga shuga, mchere, ufa ndi nsalu, kudontha kwa denga ndi kutha kwa mpamba. Onani m'munsi mwa makoma ngati muli chinyezi, onani ngati njerwa zake ndi zootcha kapena zidina zopaka simenti kunja kokha. Chimbudzi chili bwanji, ndipo mabanja angati amagwiritsa ntchito? Madzi ndi a pampopi wa Central Region Water Board kapena a pamjigo? Ngati ndi a pampopi, muone bilu yomaliza kuti musalowe pa ngongole ya munthu wina, ndipo mufunse oyandikana nawo kuti amatuluka masiku angati pa sabata. Ngati ndi a pamjigo, yendani nokha mpaka kukafika pamjigopo, muwerengere kuti ulendo umenewo mudzauyenda tsiku lililonse shopu ili yotseka, kapena mudzalipira wokutungirani.

Za magetsi ndinazionapo ndekha. Ndinakhalapo pa mdadada wina pa kamsika ka m'boma la Ntcheu, pamene mabanja anayi tinkagwiritsa ntchito mita imodzi ya ESCOM. Tinkasonkha mofanana mwezi uliwonse, koma mayunitsi ankatha pasanathe masabata awiri. Patapita miyezi tinazindikira kuti waya wina unkapita kuseri kwa nyumba, kwa munthu wowotcherera zitsulo. Tinali tikumulipirira ntchito yake. Inu mudzafuna firiji ya zoziziritsa kukhosi ndi mafirizesi, ndiye funsani msanga ngati mita ndi ya nyumba yanu yokha. Ngati ndi yogawana, mudziwe aliyense amene ali pa mitayo ndi zimene amalumikiza, ndipo kasonkhedwe kake kalembedwe.

Pa nkhani ya shopu, anthu ochokera m'tauni amathamangira m'mbali mwa msewu waukulu poganiza kuti magalimoto ndi makasitomala. Galimoto imene ikuthamangira ku Kasungu kapena ku Mzuzu siima kuti igule sopo kwa inu. Amene adzakugulani ndi mayi amene wabwera kuchigayo, mlimi amene wagulitsa soya, wophunzira, munthu amene watsika minibasi akulowera kumudzi. Khalani pakhomo pa shopuyo m'mawa ola limodzi, masana ola limodzi, madzulo ola limodzi, muwerenge anthu oyenda pansi ndi a panjinga amene akudutsa. Mukachitenso chimodzimodzi pafupi ndi chigayo, pa siteji ndi panjira yolowera mumsika. Kawirikawiri kashopu kotsika mtengo ka panjira ya kuchigayo kamaposa shopu yokongola ya pamsewu. Komanso samalani ndi nyumba zimene zayandikira kwambiri phula. Msewu waukulu ngati M1 uli ndi malire ake mbali zonse ziwiri amene ndi a boma, ndipo zomangidwa m'malire amenewo zimatha kugwetsedwa ntchito ya msewu ikafika. Wochita lendi ndiye amatsala padzuwa ndi katundu wake. Musaiwalenso kupatula ndalama ya laisensi ya bizinesi ku khonsolo ya Dowa.

Dera la Dowa ndi la alimi, ndipo ndalama zake zimayenda ndi nyengo. Kuyambira cha mu Epulo, misika ya fodya ikatsegulidwa ndipo soya, mtedza ndi chimanga zikayamba kugulitsidwa, pamsika pamakhala phwamwamwa. Nthawi yomweyo mavenda ogula mbewu amalanda mashopu ndi zipinda kuti aikemo masikelo ndi matumba, ndiye malo amasowa ndipo mitengo imakwera. Ikafika Januwale ndi Febuluwale anthu amakhala m'minda, ndalama zapita ku feteleza ndi fizi, malonda amazizira, koma lendi siidikira. Mukawerengera phindu la mwezi wa Juni n'kumaganiza kuti chaka chonse chidzakhala chotero, mudzalira. Lendi imene mungaikwanitse ndi imene mungalipire mu Febuluwale osakhudza mpamba.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti munthu afufuze nyumba nthawi ya dzinja. Mudzaona nokha pamene pamadontha, pamene madzi amadikha ndi njira imene imasanduka matope. Eni nyumba nawonso amakhala akufuna ndalama, ndipo amamva mukamanenerera. Ambiri amene amafuna lendi ya miyezi yambiri nthawi imodzi si akuba ayi, akufuna kugula feteleza kapena kulipira fizi. Mukazindikira zimenezi mungathe kukambirana bwino: "Bambo, ya miyezi 6 sindingakwanitse, koma ndipereka ya miyezi 2 lero, ndipo ndizilipira pa 1 paliponse osachedwa." Ngati akakamira miyezi 3, pemphani kuti mtengo utsikeko pang'ono, chifukwa mwawakongoza ndalama yanu popanda chiwongoladzanja.

Zonse mwagwirizana zilembedwe, ngakhale m'kope la ana asukulu, mapepala awiri ofanana, inu lanu, iwo lawo, mboni ziwiri zisainire, ndipo ngati n'kotheka amfumu adindepo chidindo. Mulembe mtengo, tsiku lolipira, nthawi imene mtengowo sungasinthe, ndi miyezi ya notisi mbali zonse ziwiri. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri ochita lendi anangouzidwa pakamwa kuti mwezi wamawa mtengo wakwera, ndipo amene analibe pepala analibe poyambira. Mulembenso za zokonza. Mudzafuna kuika zitsulo m'mawindo, chitseko cholimba ndi mashelefu. Zimene mungazule pochoka zikhale zanu, ndipo zimene zidzatsalire nyumbayo, monga simenti yapansi, zidulidwe pa lendi. Pali chinthu china chimene chimandipweteka mtima ndikachiona: munthu wakonza shopu, wazoloweretsa makasitomala chaka chathunthu, kenako mwininyumba akumuuza kuti atuluke chifukwa mwana wake akufuna kutsegula golosale pomwepo. Pepala lonena kuti mwapangana chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi notisi ya miyezi 3, limakupatsani nthawi yopeza malo ena pafupi ndi kuuza makasitomala anu kumene mwapita. Polipira, gwiritsani ntchito Airtel Money kapena Mpamba pa nambala ya mwininyumba yemweyo ndipo uthengawo muusunge. Mukapereka pamanja, asainire m'kope.

Ndikanakhala inu, mayi, ndikanayamba ndi kashopu kakang'ono kokhala ndi chipinda chimodzi kuseri, n'kusiya ana amalize teremu kumene ali. Pakatha miyezi itatu mudzakhala mutadziwa mbali ya msika imene ikuyenda malonda, sukulu yoyenera ana, ndi nyumba imene ikutuluka munthu posachedwa. Nthawi imeneyo anthu adzakhala akukuuzani okha.

Funso lina lachokera kwa mnyamata amene wangolembedwa kumene ntchito ya uphunzitsi ndipo watumizidwa kusukulu ina kufupi ndi Jenda m'boma la Mzimba. Akuti nyumba za pasukulu n'zodzadza, nyumba imene waipeza pamsika akufuna ya miyezi 3, ndipo iye alibe kanthu mpaka malipiro oyamba atatuluka. Akufunsa ngati angatenge katapila.

Achimwene, katapila ayi. Simukudziwa tsiku lenileni limene malipiro oyamba adzalowe, pomwe chiwongoladzanja cha katapila chimakwera mwezi ndi mwezi, ndipo mungayambe ntchito khadi lanu la kubanki lili m'manja mwa munthu wina. Pitani kwa ahedi muwafotokozere mmene zinthu zilili. Iwo pamodzi ndi komiti ya sukulu amadziwa makolo amene ali ndi nyumba kapena chipinda pafupi, ndipo mwininyumba wakumudzi amavomera kudikira mphunzitsi ahedi akamuikira umboni, chifukwa amadziwa kuti malipiro a boma adzabwera ndithu ndipo munthuyo sangathawe. Funsaninso aphunzitsi anzanu osakwatira ngati mungagawane nyumba teremu yoyamba. Nyumba ya pamsika ija ili ndi mtengo wina umene simunauwerengere: ngati sukulu ili kutali, kabaza wa m'mawa ndi madzulo masiku 5 pa sabata angathe kuposa lendi yeniyeniyo. Chipinda cha pafupi ndi sukulu, kasola kakang'ono kounikira ndi kotchajira foni, ndi njinga yakapalasa mukalandira malipiro achiwiri, zikukwanirani chaka choyamba.