Kompyuta yadzaza: ndiikemo disiki yachiwiri kapena ndigule ina?

Funso: Ndili ndi kabizinesi kojambula ndi kusindikiza zithunzi. Kompyuta yanga ya desktop ndi yakale ndipo hard disk yadzaza, moti ndimachita kufufuta zithunzi za makasitomala akale kuti ndipeze malo. Mnzanga akuti ndiikemo disiki yachiwiri, pomwe mayi akunyumba akuti tingogula kompyuta ina. Ndimvere ndani?

Yankho: Bambo, ngati chakuvutani ndi malo okha, mnzanuyo akunena zoona. Disiki ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi makina athunthu, ndipo zithunzi mukufufutazo ndi ndalama, chifukwa kasitomala amabweranso kudzafuna zithunzi za ukwati wake patapita zaka. Komabe musanatulutse ndalama, yambani mwatsegula kompyutayo.

Izimitseni, zulani chingwe cha magetsi, chotsani chivundikiro cha m'mbali, muone chingwe cholumikiza disiki yomwe ilimo ku motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo), osati cha magetsi. Chikakhala chaching'ono chopapatiza, ndi SATA, yomwe idayamba kufala cha m'ma 2003, ndipo madisiki ake akugulitsidwabe atsopano. Chikakhala chotambalala ngati lamba, cha mapini 40, ndi IDE. Madisiki a IDE adasiya kupangidwa kalekale, mungopeza otha ntchito, ndipo muvutikanso ndi ka jumper (kapulagi kakang'ono ka pa disikiyo) kosonyeza kuti iyi ndi master (yoyamba) iyi ndi slave (yachiwiri). Mukapeza IDE ndipo pa motherboard palibe polowetsa SATA, mayi apambana mlanduwu. Makina a msinkhu umenewo sindingawathirenso ndalama.

Ngati ndi SATA, onani ngati pa motherboard patsala polowetsa chingwe china, ngati pali pulagi ya magetsi yosagwiritsidwa ntchito, komanso ngati m'bokosimo muli malo okhazikapo disiki ya mainchesi 3.5. Timakompyuta tating'ono ta m'maofesi nthawi zambiri tilibe malo amenewa. Chingwe cha SATA mugule padera, poti madisiki ambiri amabwera opanda chingwe.

Za kukula kwake, disiki yopitirira 2TB imafuna kukonzedwa mwa GPT, njira yatsopano yogawira malo a pa disiki, chifukwa njira yakale ya MBR imalekera pamenepo, ndipo Windows XP ya 32-bit siiwerenga GPT. Kuyambira Windows 7 kupita m'tsogolo zimenezi si vuto pa disiki yongosungira mafayilo.

Kuikako n'kosavuta. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu asawononge zida, mangani disikiyo ndi masikuluwu, lumikizani zingwe ziwirizo. Mukayatsa, musadabwe kuti siikuoneka. Ambiri amathamangira kwa wogulitsa kuti adawapatsa yakufa, chonsecho imafunika kulowa mu Disk Management (gawo la Windows loyang'anira madisiki), kuichita initialize kenako format ya NTFS. Apa dekhani, onetsetsani kuti mwasankha yatsopanoyo, chifukwa format imafufuta zonse. Mukapereka ntchitoyi kwa mmisiri, khalani pomwepo, si ntchito yogonetsa kompyuta kwa munthu.

Musayembekezere kuti kompyuta iyamba kuthamanga. Ngati imachedwa kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu makasitomala ataima, ndalama ipite ku SSD, mtundu wa disiki yothamanga kwambiri kuposa hard disk. Muikemo Windows ndi mapulogalamu anu, disiki yakaleyo ikhale yachiwiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Madisiki awiri m'bokosi limodzi si backup (kope losungidwa padera lotetezera mafayilo). Mphezi ikawomba, magetsi akabwera mwamphamvu, vayirasi ikalowa kapena wakuba akanyamula bokosilo, onse awiri amapitira limodzi. Zithunzi zomwe makasitomala adalipira muzizikoperanso pa disiki ya USB yomwe mumaizula n'kuisunga kwina mukaweruka. Mtengo wake muuwerengere mu bajeti yomweyi.

Mukakopeka ndi disiki yogwiritsidwapo kale ntchito chifukwa chotchipa, muiyese kaye ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Imaonetsa maola amene disikiyo yagwira ntchito, ndipo ikalemba Caution, musiyireni mwiniwake.