Ku konsati ya nyimbo za classical, m'manja timaomba nthawi yanji?

Mayi wina wokhala ku London watumiza imelo. Anzawo akuntchito awagulira tikiti ya BBC Proms, makonsati a nyimbo za classical ochitika chaka ndi chaka, ku holo ya Royal Albert Hall, koma sanalowepo ku konsati yotereyi. Akufunsa za zovala, nthawi yofika, komanso chomwe chikuwadetsa nkhawa kwambiri: kuomba m'manja polakwika n'kuchititsidwa manyazi.

Mayi, za zovala musavutike nazo. Suti zakuda ndi za oimba. Inu valani zomwe mungavale popita kocheza kwa apongozi, basi. Proms inayamba mu 1895 ndi cholinga chokopa anthu wamba, ndipo mpaka lero ambiri amagula matikiti otchipa n'kumvera ali chiimire, ena atavala jinzi.

Nthawi ndiye osaseweretsa. Fikani kutatsala mphindi 30. Nyimbo ikangoyamba zitseko amatseka, ndipo wochedwa amadikira panja mpaka papezeke mpata, mwina mphindi 10, mwinanso mpaka nthawi yopuma. Konsati yambiri imatenga maola awiri, n'kupuma kamodzi pafupifupi mphindi 20. Kuchimbudzi pitirenitu musanakhale pansi, chifukwa kutuluka pakati pa nyimbo n'kudzutsa mzere wonse.

Malamulo enawo gwero lake ndi limodzi: oimbawa nthawi zambiri sagwiritsa ntchito zokuzira mawu. Vayolini imodzi ikamalira motsitsa, mawu akewo ndi amene ayenera kufika kwa munthu wokhala kumapeto kwa holo. Kapepala ka switi mukamakafutukula pang'onopang'ono kamamveka mizere ingapo, ndipo kufatsako kumangotalikitsa phokoso. Ngati muli ndi chifuwa, sendanitu maswitiwo musanalowe muwaike m'kampango. Chikakutsamwani, tsekani pakamwa ndi kampangoko, ndipo ngati mungathe dikirani pomwe malipenga ndi ng'oma akweza. Foni izimitsidwe ndithu, chifukwa ngakhale yonjenjemera m'chikwama imamveka. Kumbukiraninso kuti makonsati a Proms amaulutsidwa pa BBC Radio 3.

Tsopano za m'manja. Poyamba n'zosavuta. Mkulu wa oimba vayolini akalowa, ombani. Chitoliro chotchedwa oboe chikamaimba liwu limodzi la A kuti onse achune zida zawo, apo khalani chete. Kondakitala, wotsogolera gulu lonse la oimba, akalowa, ombaninso. Akatembenuka n'kukweza manja, zii.

Povuta ndi apa. Nyimbo imodzi imakhala ndi zigawo. Symphony (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lonse) kawirikawiri imakhala ndi zinayi, concerto (pomwe katswiri mmodzi amaimba patsogolo pa gulu) imakhala ndi zitatu. Pakati pa zigawozi oimba amaima masekondi angapo, kutembenuza mapepala, ena kupukuta thukuta. Nyimbo sinathe, ndiye mwambo wake ndi wosaomba. Pa pulogalamu mudzaona mawu a Chitaliyana monga Allegro, kutanthauza mofulumira, kapena Adagio, mofatsa. Amenewo ndi mitu ya zigawo, ndipo mutha kumawerenga.

Komatu kuwerenga kumanamiza. Mu Symphony yachisanu ya wopeka nyimbo Beethoven, gawo lachitatu limalowa m'lachinayi osaima, choncho mudzawerenga atatu nyimbo itatha kale. Yachisanu ndi chimodzi ya Tchaikovsky ndiye msampha weniweni: gawo lachitatu limatha ndi chiphokoso chonga mathero, manja amayabwa, pamene kwatsala gawo lachisoni lomwe limazilala mpaka kusamveka. Ngakhale ozolowera amagwa pamenepa.

Njira yodalirika ndi kuyang'ana manja a kondakitala. Akadali m'mwamba, ngakhale holo ili chete, nyimbo sinathe, chifukwa bata limenelo n'lake la nyimboyo. Akawatsitsa, mapewa n'kumasuka, oimba n'kuchotsa mavayolini pakhosi, pamenepo ombani. Mukakayika, musakhale woyamba. Dikirani masekondi atatu mumve anzanu.

Ndinene pano kuti mwambowu si wamakedzana monga ena amaunenera. Mu 1778 Mozart analembera bambo ake akunyadira kuti anthu a ku Paris ankaomba m'manja symphony yake ili mkati. Kukhala chete kunakhazikika pambuyo pake, ndipo ku Proms komweko mudzamva ena akuomba gawo loyamba likatha mwamphamvu. Wokuyang'anani ndi diso loipa chifukwa cha zimenezi, ineyo ndimati ndiye walakwa kwambiri.

Nyimbo ikatha ndithu, masukani. Ombani mpaka manja awawe, imirirani ngati zakukhudzani, kuwani "bravo". Kondakitala amatuluka n'kubwerera kawiri kapena katatu, akuimiritsa oimba amene achita bwino, ndipo aliyense mumamuombera. Kufupa kulibeko, ndalama zikhale m'chikwama. Katswiri wa concerto akabwerera ndi chida chake n'kukhazikika, ndiye kuti akuwonjezera kanyimbo kakafupi komwe sikali pa pulogalamu, choncho khalaninso pansi. Chithunzi, ngati holoyo ikulola, jambulani nthawi yoomba m'manjayi, osati nyimbo ili mkati.