Mafunso a Owerenga: Mwana Azolowera Bwanji Tireningi ya Mpira?

Mwana wanga ali ndi zaka 11 ndipo mpira amaukonda zedi, koma amachita mwa apo ndi apo. Lero athera maola atatu ku galaundi, kenako sabata yonse osaugundako. Ndimuthandize bwanji? — Mayi wa ku Chilomoni

Mayi, vuto layambira pa maola atatuwo. Mwana akasewera mpaka kutheratu, mawa lake amadzuka miyendo ili yolemera, ndiye mpira amaukana. Pa msinkhu umenewu mphindi 20 zokha, masiku anayi kapena asanu pa sabata, zimamanga phazi kuposa tsiku limodzi lotopetsa.

Choyamba mumuikire nthawi imodzimodzi, ndipo ikhale yotsatana ndi chinthu chomwe amachita kale tsiku ndi tsiku. Mwachitsanzo, akaweruka kusukulu adye, apume ola limodzi, agwire kantchito ka pakhomo, kenako 4 koloko atenge mpira. Mukamuuza kuti "uzichita ukapeza mpata", mpatawo sudzapezeka. Mpira ndi nsapato zizikhala pakhomo potulukira, osati pansi pa bedi.

Mphindi 20 zija azigawa motere. Zisanu zoyamba atenthetse thupi: kuthamanga pang'onopang'ono, kukweza mawondo, kuyenda cham'mbali. Zisanu zotsatira aziyendetsa mpira pakati pa mabotolo 6 oikidwa motalikana sitepe imodzi yaikulu, ndi mkati mwa phazi, kenako ndi kunja kwake. Zotsalazo ndi za khoma. Aime masitepe anayi kuchokera pakhoma la njerwa lopanda zenera, amenye ndi mkati mwa phazi, mpira ukabwerera auimitse, amenyenso. Makumi asanu kumanja, makumi asanu kumanzere. Apa mpofunika diso lanu, mayi, chifukwa ana ambiri amathawa phazi lofooka. Muyang'ane phazi lomwe waponda pansi: liime pambali pa mpira, zala zikuloza kukhoma. Likatsalira kumbuyo, mpira umauluka. Kakolo wa phazi lomenyera akakhala wolobodoka, mpira umapita kulikonse.

Khoma timalikonda chifukwa silitopa ndipo silichedwa kubweza. Mu mphindi khumi mwana amagunda mpira kambirimbiri kuposa m'masewero a anthu 22, momwe wamng'ono amangothamanga osaulawa.

Pachikani kalendala, ndipo tsiku lomwe wachita azichonga yekha ndi bolopeni. Akaphonya tsiku limodzi musamukalipire, ingoonetsetsani kuti lotsatira lisapite. Tsiku la mvula mphindi zisanu pakhonde zikwanira, bola nthawi ija isadutse chabe. Mpira wa saizi 4 ndiwo woyenera ana a zaka 8 mpaka 12. Saizi 5 ndi ya kuyambira zaka 13, ndipo mwana wamng'ono akaumenya amazolowera kubaya ndi chala chifukwa umamulemera. Ngati ndalama palibe, chikulunga chomangidwa bwino chimakwanira poyendetsa pakati pa mabotolo paja, kungoti pakhoma sichidunda.

Ndimaphunzitsa timu ya ana 24 pasukulu ya pulayimale. Mipira tili nayo iwiri. Sabata zoyamba amabwera onse, koma pofika mwezi wachiwiri amatsala 9. — Mphunzitsi wa ku Mchinji

Aphunzitsi, tawerengani kuti mwana mmodzi amagunda mpira kangati pa tsiku la tireningi. Ngati mumawandanditsa pamzere kuti aliyense amenye kamodzi pagolo, kapena kuyamba ndi kuzungulira galaundi kakhumi, chifukwa chake ndi chimenecho. Mwana amabwerera komwe amasewera.

Agaweni m'matimu 6 a ana anayianayi. Pangani mabwalo awiri aang'ono, lililonse masitepe 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, magolo a njerwa, popanda goloboyi. Matimu anayi asewere mphindi zinayi, awiri akupuma ndi kumwa madzi, kenako asinthane. Mphamvu zomwe mumazifuna powathamangitsa azipeza momwemo.

Masiku akhale okhazikika, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ola limodzi basi, ndipo muziyamba pa nthawi yake ngakhale afika asanu okha. Mukamadikira ochedwa mukuphunzitsa ofulumira kuti nawonso azichedwa. Lembani mayina m'kope, ndipo wosankhidwa pa gemu akhale yemwe amabwera, osati waluso wongotulukira Loweruka. Kambiranani ndi makolo za nyengo yolima ndi yokolola, komanso za ana a Sitandade 8 mayeso akayandikira. Kuli bwino kuchepetsa masiku mogwirizana kusiyana n'kuti ana azingosowa. Atsikana amayamba kusiya ndi iwo chifukwa cha ntchito za madzulo, choncho malizani dzuwa lisanalowe.

Mnyamata wanga wa zaka 13 amasewera tsiku lililonse ndipo akudandaula bondo, pansi pang'ono pa chivundikiro chake. Apitirize? — Bambo wa ku Area 25

Bambo, ayambe wapuma. Ululu wa pamalo amenewo ndi wofala mwa ana a zaka 10 mpaka 15 omwe akukula msanga. Madokotala amautcha Osgood-Schlatter: mtsempha wochokera ku bondo umakoka fupa la msongolo pomwe lisanakhwime, ndipo nthawi zina pamatuluka kachotupa kolimba. Kulumpha, kuthamanga kwambiri ndi kumenya mwamphamvu pabwalo louma gwa kumawonjezera. Muikeni nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kwa mphindi 15 akamva kuwawa, ndipo aziwongola minofu ya ntchafu mofatsa. Ngati akutsimphina, bondo latupa lonse, kapena likumupweteka usiku ali gone, pitani naye kuchipatala msanga.

Akachira, musamulole kubwerera ku masiku asanu ndi awiri. Apume tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, ndipo maola a mpira pa sabata asapose zaka zake. Azigona maola 8 mpaka 10. Asapite ku galaundi ndi njala: mbatata, nthochi kapena phala ola limodzi asanayambe, ndipo akabwerako nsima ya nyemba, usipa kapena mazira. Mu Okutobala ndi Novembala azinyamula botolo la madzi n'kumamwa pakatha mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu. Akadwala malungo, amalize mankhwala ndipo mphamvu zibwerere kaye asanavalenso nsapato.