Aphunzitsi, lembani zanu, chaka chathu chili ndi mitundu yake

Aphunzitsi, mwafunsa ngati kuli bwino kungomasulira kabuku kakunja ka ndakatulo za mitundu ndi nyengo kuti ana anu a Sitandade 2 aziwerenga. Ine ndikuti musatero, lembani zanu. Timabuku timeneti anatilembera ana a ku Ulaya, kumene Disembala ndi mwezi wozizira ndipo pansi pamayera ndi sinowo. Mwana wa ku Mchinji pa Disembala amaona chimanga chikumera, matope ndi ngumbi. Mukampatsa chithunzi cha zimene sanazionepo, adzaloweza mawu koma ndakatuloyo sidzamufika pamtima.

Yambani ndi dzinja, pamene dziko lonse lili biriwiri: nkhwani, bonongwe, udzu wofika m'chiuno. Masika atengereni chikasu cha maungu ndi mapesi ouma. Chisanu cha Juni ndi Julayi ndi chotuwa, chifunga cha chiperoni chitakuta Mulanje ndi Thyolo, miyendo ya ana ili mbuu m'mawa popita kusukulu.

Koma chuma chenicheni chili m'chilimwe, nyengo imene ambiri amaiyesa yopanda kanthu. Tchire likapsa, lupsa limada bii. Kavuluvulu amanyamula fumbi lofiira n'kulizunguza pabwalo. Mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe, kenako n'kubiriwira, ndipo m'misewu ya Blantyre ndi Zomba jakaranda amathothola maluwa ake apepo. Apa pokha mungapeze ndakatulo zitatu kapena zinayi. Onani kachitsanzo aka:

Lupsa lada bii,
Mombo wafiira psuu,
Nyenje zikulira,
Mvula ili kuti?

Mzere womalizawo anawo aziuyankha onse pamodzi, monga amachitira poyankha nthano. Tsamba lotsatira likhale la chizimalupsa, madontho oyamba akugwera padothi lotentha. Mizere ikhale yaifupi, inayi basi pa tsamba, zilembo zikuluzikulu. Musanapite nazo kwa wojambula, ziwerengeni mokweza m'kalasi. Pamene ana akodwa lilime, mzere umenewo ukonzeni.

Wojambulayo muuzeni kuti tsamba lililonse lilamulidwe ndi mtundu umodzi, ndipo ajambule nkhokwe, mjigo, mayi atabereka mwana pachitenje, zinthu zoti mwana aloze ndi chala n'kunena kuti kwathu ziliko. Kumbukiraninso dera lanu, poti chisanu cha ku Dedza si cha ku Nsanje, ndipo mwana wa ku Nkhotakota amadziwa mwera ndi mafunde kuposa chifunga.

Za ndalama zisakugwetseni ulesi. Kusindikiza zithunzi zamitundu n'kodula, inde, koma wojambula angathe kulemba mizere yokha yakuda, inu n'kuchita fotokope, ana n'kupaka okha ndi chekeni. Mukalemba ndakatulo ziwiri zoyamba, ziikeni muno m'gulu tikuthandizeni kuzisalaza.